Mchenga ndi wathu, geti ndi la eni ake

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, ndabweranso ndi zazitali zija. Amene bandulo yatsala pang'ono musade nkhawa, muno mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha. Muwerenge mutakhala pansi, ndipo mukamaliza muwatumizireko a komiti ya pagombe panu, chifukwa nkhaniyi ikuwakhudza kuposa ine.

Mwera ukangotha, dzuwa la Seputembala n'kuyamba kuotcha mchenga, mapositala aja amayamba kuzungulira m'mafoni: masiku atatu, oimba akutiakuti, pagombe lakuti. Sizinayambe dzulo izi. Lake of Stars inayambira ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay mu 2004, woyambitsa wake ndi Will Jameson wa ku Britain, ndipo kuchokera pamenepo yazungulira: Senga Bay, Nkopola ku Mangochi, kubwereranso ku Chintheche, mpaka ku Nkhotakota mu 2024. Sand Music Festival anaiyambitsa ndi malemu Soldier Lucius Banda mu 2010, ndipo inatibweretsera pamchenga wa ku Salima anthu ngati Busy Signal ndi Diamond Platnumz, amene tinkangowamvera m'mafoni. Kupatula ziwiri zikuluzikuluzi, masiku ano loji iliyonse imene ili ndi jenereta yaikulu ikufuna kafesitivo kake.

Ndineneretu, ine sindidana ndi mafesitivo. Ndimavina, mumandidziwa. Komanso zimene ndinene apazi sindikuloza chala dzina limodzi, chifukwa okonza amasiyana, ena amayesetsa kufika m'midzi ndipo ena safunsa n'komwe kuti mfumu ya pano ndi ndani. Funso langa ndi la Lolemba m'mawa, malole atanyamula masipika, matenti atapindidwa, magalimoto atatha kubwerera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chimatsala m'mudzi n'chiyani? Aliyense adzifunse za mudzi wake, osati za dziko. Za dziko amatiuza kale pawailesi, kuti zokopa alendo zikubweretsa ndalama. Ine ndikufunsa za m'thumba la mayi ako.

Kodi mukudziwa kumene mawu oti Lake of Stars, nyanja ya nyenyezi, anachokera? Amati ndi David Livingstone, amene anafika panyanjayi mu 1859. Akuti zimene zinkathwanima pamadzi usiku ngati nyenyezi zinali miuni ya asodzi. Ndiye kuti nyenyezi zimene alendo amadzajambula atakhala pamchenga ndi botolo m'manja, ndi siginala wathu uja ali pakabwato ndi nyali zake, akudikira usipa usonkhane kuti a chilimira akunge. Ndi ntchito ya abambo athu imeneyo, ntchito ya tulo ndi kuzizidwa. Kale zinali nyali za parafini, pano ndi mababu a batire, koma munthu wake ndi yemweyo. Chimene chimakongoletsa malowa ndife. Tikachoka ife ndi maboti athu, ndi mathandala, ndi ana osambira, patsala madzi ndi mchenga basi, zimene ku Tanzania ndi ku Mozambique ziliponso.

Tsopano tiyeni tiitsate ndalama ya mlendo mmodzi, kuyambira pamene yatuluka m'thumba. Tikiti amagulira ku tawuni komweko, mwina pa Airtel Money kapena Mpamba, sinadutse n'komwe m'boma lathu. Mafuta amathira thanki yodzadza asananyamuke. Mowa, madzi akumwa, nyama yootcha, ngakhale makala nthawi zina, amagula m'masitolo akuluakulu n'kulongedza mu cooler box. Akafika amagona mutenti imene wabwera nayo, kapena paloji. Nanga maloji ambiri a m'mbali mwa nyanja eni ake ndi ndani? Awerengeni a kwanuko, muone kuti ndi angati amene mwini wake anabadwira pamudzipo. Mkati mwa mpanda, ogulitsa chakudya amalipira malo, ndipo mtengo wa malowo mayi wogulitsa kanyenya wa usipa kapena zitumbuwa sangaukwanitse. Choncho amene amagulitsa mkatimo ndi amene ali ndi mpamba waukulu, abwera pagalimoto limodzi ndi alendo omwewo. Alonda a yunifolomu, kampani ya ku tawuni. Zokuzira mawu, za ku tawuni. Ndalama ija yabwera kudzasamba kunyanja n'kubwerera kwawo.

Sindikuti sitipeza kanthu. Timapeza. Anyamata amatsuka magalimoto ndi kuwalondera usiku, ena amanyamula zikwama, amayi amagulitsa nkhuni ndi mandasi kunja kwa geti, akabaza amaphula kuposa sabata ina iliyonse, osema ziboliboli amagulitsako, ndipo amene ali ndi nyumba ya malata ya zipinda ziwiri amagoneka alendo amene asowa malo. Kwa munthu amene wakhala miyezi ya mwera osalowa bwino m'madzi, ndalama imeneyo si yoseka nayo. Koma onani mtundu wa ntchito zake. Zonse ndi zakunja kwa mpanda, zonse ndi zoti mtengo amanena ndi wogula, ndipo palibe ngakhale imodzi imene tinagwirizana tisanayambe.

Ndilankhule za maboti, chifukwa apa ndiye pamene ndimadyera. Sabata ya fesitivo, alendo amafuna kukwera boti, kupita kuzilumba, kukaona nkhwazi ikutola nsomba, kukajambulitsa dzuwa likutuluka. Bizinesi yabwino zedi. Koma taonani zimene timachita. Mlendo akafunsa mtengo, wina anena wake, mnzake apo pomwepo n'kudula pakati, wachitatu n'kudulanso, mpaka ulendo ukuyenda pa ndalama yosakwana ndi petulo yemwe. Amangwetu, injini ya Yamaha 15 ukaitsegula yonse imamwa pafupifupi malita 7 pa ola. Thanki yofiira ija ya malita 24 ndi maola atatu ndi pang'ono. Onjezerapo oilo wa 2T, onjezerapo kuti petuloyo mwina wamugula wa m'zigubu chifukwa pa filling station palibe, onjezerapo cha mwini boti. Ukawerengetsa, wayendetsa anthu ulele n'kuwapatsanso kumwetulira. Ndiye pofuna kubweza, umachita ziwiri: kuchepetsa oilo posakaniza, kapena kudzaza anthu kupyola muyeso. Yoyambayo imathera kwa ine, injini itanoka, ndipo ndalama yokonzera imaposa zonse zimene unapeza masiku atatuwo. Yachiwiriyo imathera kumanda.

Sindikukuopsezani. Boti la matabwa lopangira kukoka chilimira, anthu ake ndi odziwa kukhala m'boti, amadziwa kuti mafunde akabwera sathamangira mbali imodzi. Mlendo wa ku tawuni amene wamwa kuyambira Lachisanu, sadziwa kusambira, ndipo akufuna kuimirira kutsogolo kuti ajambule, ameneyo ndi katundu wina. Nyanja ya Okutobala imanamiza, m'mawa ili phee ngati mafuta, masana mpoto wauka. Ma life jacket alipo angati pagombe panu? Tsiku limene boti lidzagudubuzike ndi alendo, a fesitivo adzanena zoona kuti iwo sanalembe ntchito aliyense wa ife. Kupolisi kudzapita mwana wa msodzi.

Lolemba lija likafika, kumabwera ntchito ina imene ambiri simuidziwa. Majumbo ndi timapepala ta pulasitiki timene tatayidwa masiku atatu timalowa m'madzi. Injini ya boti imadzizizira ndi madzi a m'nyanja momwemo: pansi pafupi ndi pulopela pali timabowo tokokera madzi, ndipo kampira kotchedwa impela ndi kamene kamawapopa kukwera nawo kumutu wa injini. Jumbo imodzi ikamata patimabowopo, impela imazungulira youma n'kupsa m'kanthawi kochepa. Ukaona kamkodzo ka kumbuyo kaja kasiya kutuluka, zimitsa pomwepo, usati ndifike kaye kumtunda. Sabata yotsatira fesitivo ndimaona zoterezi kuposa masiku ena. Wina anganene kuti ndiye zabwino zako amakaniko. Ayi ndithu. Mwini injiniyo ndi malume anga, ndi mnansi wanga, alipira mochedwa kapena salipira, ndipo masiku amene boti lili kumtunda anthu khumi a m'botimo sakudya. Mapulasitiki opyapyala boma linawaletsa kale mu 2015, khoti lalikulu la apilo linatsimikiza mu 2019, koma pitani pamchenga Lolemba m'mawa mukaone. Za mabotolo osweka okwiririka mumchenga afunseni ana amene amayenda opanda nsapato.

Nsomba nazo zili ndi nkhani yake. Mlendo aliyense akafika kunyanja amafuna chambo chootcha, ndipo ali ndi ufulu. Koma chambo chenicheni chachikulu chikusowa, tonse tikudziwa. Ndiye anthu akachuluka, chimene chimatuluka m'madzi ndi kasawala, chambo chaching'ono chimene sichinaswepo ngakhale kamodzi. Mtengo pagombe umakwera, zimene zili bwino kwa mwini ukonde, koma mudzi si eni maukonde okha. Nyumba zambiri zimagula ndiwo ngati wina aliyense, ndipo sabata imeneyo amadyera masamba ali m'mphepete mwa nyanja. Choopsa kwambiri ndi fesitivo imene yagwera mu Novembala. Pa 1 Novembala nyengo yotseka imayamba kuti chambo chiswane. Anthu masauzande akufuna chambo, ndalama ili m'manja, mnyamata alibe ntchito: mukuganiza kuti khoka likhala m'nyumba? Akagwidwa, a Fisheries alanda ukonde wake. Amene anadya chambocho ali ku ofesi Lolemba.

Koma chimene chimandiwawa kwenikweni ndi mpanda. Njira imene amayi athu akhala akudutsa kupita kukatunga madzi, kukachapa, kukatsuka mbale, tsiku lina amapeza yatsekedwa ndi malata kapena nsalu yakuda, pali mlonda amene sakuwadziwa akufunsa kalamba ka pamkono. Maboti auzidwa kuti asunthe kaye chifukwa akuwononga maonekedwe. Mathandala a usipa achoke chifukwa akununkha. Nsomba yomweyo imene ikulipira fizi ya ana, lero yasanduka fungo. Ndipo zindikirani, mpanda wa masiku atatu umaphunzitsa anthu kuti gombe likhoza kutsekedwa. Malo akatchuka, amabwera ogula mapuloti. Chaka chino nsalu yakuda, zaka zisanu zikubwerazi njerwa zofika mpaka m'madzi. Amene mwayendapo ku Cape Maclear, ku Senga Bay kapena msewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay mukudziwa kuti kuti ufike pamadzi malo ena umadutsa kampata kopapatiza pakati pa mipanda iwiri, ngati ukuzemba m'mudzi mwako momwe.

Pali nkhani ina imene timainong'ona. Alongo athu. Kunyanja kuno vuto la kugonana posinthana ndi nsomba tili nalo kale, sitikufunika mlendo kuti atiphunzitse. Koma masiku atatu amenewa kumabwera amuna a ndalama amene pano sakudziwika ndi aliyense, ndipo mawa sadzaonekanso. Mtsikana wa Fomu 2 amene sanagwirepo ndalama yoposa ya sopo, wina akumulonjeza kalamba kolowera ndi foni. Sukulu yangotsegulira kumene mu Seputembala. Pofika Janyuwale ena sabwereranso m'kalasi. Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ndipo magaye, tiuzane zoona: amene amalozera alendowo kuti pali kamtsikana apa, nthawi zambiri si mlendo mnzawo. Ndi mnyamata wa pamudzi pomwepo, wapatsidwa ya mowa. Ameneyo tikamudziwa tisamusekerere.

Za zimbudzi ndingodutsa mwachangu chifukwa n'zodziwikiratu. Anthu masauzande, zimbudzi zowerengeka, usiku, mowa. Otsalawo amapita kuti? Kuseri kwa bango ndi m'madzi, pamene m'mawa mwake mwana akatunge. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja tinalira nawo kwambiri. Sitinaiwale.

Nanga chikhalidwe chimene amalemba papositala? Nthawi zambiri gulu la beni, la malipenga kapena amayi a chioda amaitanidwa, inde. Koma amavina nthawi yanji? Masana dzuwa lili paliwombo, alendo ali m'matenti kugona matsire, oonerera ndi ana ndi ojambula awiri. Anthu akuluakulu makumi awiri, ayeserera milungu ingapo, achapa ndi kusita yunifolomu zawo, asiya ntchito, n'kulandira botolo la fanta, tisheti ndi ndalama yoti akagawana aliyense sagula ngakhale paketi ya shuga. Usiku siteji yomweyo pakwera munthu ndi laputopu, walandira zimene gulu lonselo silidzaziona. Sindikuchitira nsanje DJ, ndi luso lakenso. Ndikungoti pamene munthu wakuika pa pulogalamu ndi pamene wakuika mumtima mwake. Za Gule Wamkulu ndiye ndimachita nazo mantha pang'ono. UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo ndi chinthu chonyadira. Koma gule ali ndi malo ake, pamaliro, pachinamwali, polonga ufumu, ndipo ali ndi eni ake amene amadziwa kuti atuluke liti. Kumutulutsa kuti azisangalatsa anthu oledzera amene akufuna kujambulitsa atamukoleka mkono, akuluakulu a kudambwe ndi amene ayenera kunena ngati zili bwino, osati wokonza pulogalamu.

Tsopano wina andiuza kuti walira mvula walira matope, ukafuna alendo landira ndi zinyalala zawo. Ndikukana, chifukwa m'dziko momwe muno muli zitsanzo zoti zinthu zikhoza kuyenda mwina.

Choyamba chili panyanja pomwe pano, ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, m'dera la Senior Chief Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, ndipo amene amatseka ndi kutsegula ndi mfumu ndi anthu ake. Tsiku lotsegulira ndi mwambo waukulu: nsembe kwa makolo, magule, zolankhula, alendo ochokera ku boma ndi kumabungwe, asodzi ochokera m'maboma ena. Ndi chikondwerero chenicheni. Koma onani kusiyana kwake. Mlendo akafika amapeza malamulo alipo kale. Pachilumba salola mowa, salola chamba, salola juga, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Salolanso amayi, ndipo pamenepo alongo athu ali ndi mafunso awo amene ine sindingawatsekere pakamwa. Koma mfundo yanga ndi iyi: mwambo wa Mbenji ukatha, chimatsala ndi utaka. Chikondwererocho chimamangirira pa chinthu chimene chimadyetsa mudzi chaka chonse, ndipo wamkulu wa boma akabwera amakhala pampando wa mlendo, mwini bwalo ali pomwepo. Anthu ophunzira a m'mayunivesite amabwera kudzafufuza kuti zimatheka bwanji. Anayambitsa ndi makolo a kunyanja ngati athu omwewa, opanda laputopu.

Chachiwiri chili kumtunda, ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumsasa wa anthu othawa kwawo. Tumaini Festival anaiyambitsa mu 2014 ndi Menes La Plume, mlakatuli wochokera ku Congo amene ankakhala mumsasa momwemo. Kulowa ndi ulele, palibe kalamba ka pamkono. Alendo amene akufuna kugona amalipira kuti agone m'nyumba za anthu a mumsasamo, amadya chapati ndi zakudya zophikidwa momwemo, amagula zovala ndi zosema kwa eni ake, ndipo achinyamata a mumsasa amakwera siteji imodzi ndi oimba otchuka. Taganizani bwino. Anthu amene alibe munda, alibe nyanja, malamulo sawalola n'komwe kukagwira ntchito kunja kwa msasa, anakwanitsa kukonza zinthu mwakuti ndalama ya mlendo igone m'nyumba mwawo. Ife tili ndi nyanja yonseyi, tikulimbirana kutsuka matayala.

Ngakhale miyambo ya mitundu, monga Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia kumene Achewa a maiko atatu amakakumana kwa Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti, kapena Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje, ili ndi mavuto ake, andale amafuna kuilowerera ndi nsalu zawo. Koma mwini mwambo amadziwika, ndipo wa pamudzi safunsidwa tikiti kuti aone gule wa makolo ake.

Kunena chilungamo, wokonza fesitivo ya nyimbo naye ali ndi mitolo yake. Kubweretsa woimba wakunja ndi madola, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Jenereta imamwa dizilo usiku wonse. Mvula kapena kusowa kwa mafuta kukhoza kumugwetsa m'ngongole. Sangatsegule geti kuti aliyense alowe ulele, ndikumvetsa. Ndiponso mbali ina vuto ndi lathu. Mafoni a alendo akamabedwa, timawapatsa chifukwa chokwezera mpanda chaka chamawa. Wokonza akabwera kudzaona malo, amakumana ndi mwini loji, mwina n'kukasiya kenvelopu kwa amfumu, nkhani yatha. Komiti ya pagombe imamva ndi masipika akuyesedwa Lachinayi. Ndipo sitifunsa, timangoyamba kuthamangira maganyu. Munthu amene sanapemphe kanthu sungamunene kuti wamanidwa.

Nthawi yolankhula ndi pamene positala yangotuluka, siteji isanamangidwe, chifukwa pamenepo wokonza akufuna mtendere ndi mudzi kuposa china chilichonse. A BVC, amfumu, amayi ogulitsa nsomba, eni maboti ndi achinyamata akhale pansi ndi okonzawo pamodzi ndi mwini loji, ndipo zimene agwirizana zilembedwe papepala, ena asunge chithunzi chake m'foni. Zapakamwa zimauluka ndi mpoto. Njira yopita kumadzi isatsekedwe, ngati mpanda ukudutsapo pakhale mpata wa anthu a pamudzi usana ndi usiku. Mathandala akasunthidwa, mwini wake alipidwe masiku amene sayanika. Mkati mwa mpanda mukhale malo angapo a amayi a pamudzi, osalipira kapena pamtengo wa pamudzi, ndipo nsomba zimene zikuotchedwa mkatimo zigulidwe pagombe pomwepo, zazikulu zovomerezeka. Kutola zinyalala kukhale ntchito yolipidwa ya achinyamata athu mpaka Lachiwiri, kuphatikizapo za m'madzi, osati kungosesa pamene panali siteji. Magule athu avine madzulo anthu atadzuka, ndipo mtengo wawo unenedwe poyera ngati wa woimba wina aliyense. Masana a tsiku limodzi, ana ndi makolo a midzi yoyandikana alowe ndi chiphaso cha amfumu, aone nawo zimene zikuwasowetsa tulo. Palibe chimene chingagwetse fesitivo pa zimenezi. Zambiri mtengo wake sufika ngakhale pa tikiti ya ndege ya woimba mmodzi.

Ndipo kenvelopu kaja, amfumu athu timakulemekezani, koma kanenedwe pabwalo kuti munali zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Ngati ndi mjigo, tiuone mjigo. Ngati ndi chimbudzi cha pagombe, chimangidwe chokhalitsa, chisakhale cha pulasitiki chokwezedwa palole Lolemba.

Ife a maboti tisadikire msonkhano umenewo, zathu tikhoza kuyamba sabata ino. Tikumane, tiwerengetse petulo, oilo ndi cha mwini boti pa ulendo uliwonse, tiike mtengo umodzi, tiulembe pabolodi pagombe, ndipo tizinyamula alendo motsatana ngati akabaza pa siteji yawo. Wodula mtengo mobisa aphonye ulendo wotsatira. Boti lililonse lilembedwe nambala ya anthu amene linganyamule, ndipo woledzera kwambiri atsale kumtunda ngakhale atalipira kawiri. Ma life jacket tisonkherane, kapena tiwapemphe kwa okonzawo ngati mbali ya mgwirizano, akhale a komiti fesitivo ikatha, chifukwa ngakhale ife timawafuna mwezi wa Juni mwera ukamawomba.

Amene muli m'magulu a ku Nkhotakota, Senga Bay, Chipoka, Monkey Bay, Makawa ndi Nkhata Bay, ndiuzeni ngati kwanuko kuli gombe limene linalemberanapo pepala ndi okonza fesitivo, ndikufuna ndione mmene analembera kuti tisayambe pa ziro. Ndipo amene mukudziwa kuti munyamula alendo chaka chino, bweretsani injini ndione impela ndi oilo wa m'giyabokosi kusanachuluke anthu. Kuyang'ana kokha sindilipiritsa, koma Lachisanu la fesitivo musandidzutse usiku.